Ndege Imene a Geji Asiya Isanauluke

Kwa Mayi, mwana wawo, abale ndi onse otifunira zabwino,

Ife a Bungwe la Opanga Ndege Zapakhomo tadzidzimuka ndipo tili ndi chisoni chachikulu pomva kuti mmisiri wathu wa mainjini, amene tonse tinkawatchula kuti a Geji chifukwa chokonda kufunsa za geji, kachipangizo koonetsa kutentha kwa injini, atisiya Lachiwiri m'mawa atadwala masiku ochepa, ndege imene ankapanga m'galaja ndi mwana wawo wamkazi isanauluke.

Kwa zaka makumi awiri ndi zitatu anatiphunzitsa moleza mtima chinthu chovuta ichi: bowo lolowetsa mphepo pachivundikiro cha injini likakula, injini imazizira bwino koma mphepoyo imabweza ndege m'mbuyo n'kutha mafuta, likachepa, ndege imathamanga koma injini imapsa munthu ali m'mwamba. Ankamata tiulusi pachivundikirocho kuti aone mmene mphepo ikudutsira, ndipo pa ndege khumi ndi zinayi zimene anayeza, palibe inatera mwadzidzidzi chifukwa cha kutentha. Wina akadzitama ndi liwiro, ankamuthirira tiyi n'kunena kuti, "Achimwene, mukuthamangira kuti? Kumwambako kulibe poimika pambali ayi. Geji ikuti bwanji?" Sipanala yobwereka ankaibweza ataipukuta, ndipo wolakwitsa ankamudzudzulira kuseri kwa phiko, osati pagulu.

Mayi, dzulo mukutiperekeza pakhomo munatifunsa motsitsa mawu kuti, "Mwanayu akuti auluka nayo ndege ya m'galaja ija mwezi wamawa. Bambo ake ankati bowo lija lachepa, iye akuti likwana. Ndimvere ndani tsopano?" Sitinakuyankheni pomwepo, mutikhululukire. Komiti yakumana lero, mwana wanu ali pomwepo, ndipo yankho lathu ndi ili. Bowolo tilikulitsa monga bambo ake anajambulira pakatoni, tiikapo kachitseko koti azilichepetsa injini ikazizira, ndipo ndegeyo sinyamuka mpaka amisiri atatu atayeza kutentha kwake ili pansi. Titamufotokozera mwana wanuyo, anati, "Liwiro lidikira. Mukauze mayi anga kuti ndamva."

M'malo mwa mamembala onse, ndikupereka chipepeso chathu kwa inu nonse, popemphera kuti Mulungu, amene amaona ngakhale ntchito zochitikira m'galaja, alandire mzimu wa mnzathuyu mumtendere, akulimbitseni mtima, ndipo akuchotsereni mantha amene munatiuza pakhomo paja.

Ine,
Wapampando wa Bungwe