Dzina Lanu la pa Foni ndi a Msonkho

Amayi anga Nambewe, kodi kumeneko mukudzuka bwanji?

Ife kuno kwa Zulu tilipo, kungoti mtima wanga suli m'malo masiku ano. Koma ndiyambe ndi zabwino, paja inu simunkafuna munthu woyamba madandaulo asanakhale n'komwe pansi. Mng'ono wanga Joyisi wachira, mwana wamkazi. Mphuno ndi yanu yeniyeni. Ine ndinkafuna amutche Felesiya, dzina lanu, koma amuna ake anakana, akuti n'lachikale. Amutcha Shanteli, moti azakhali lilime likuchita kupindika politchula. Mtedza wachita bwino kumunda wa kuchulu kuja, soya ndiye watigwiritsa fuwa la moto. Mbuzi yanu yamakani ija ikadalipo, ikutafunabe zovala pachingwe.

Tsopano imvani chimene chandilembetsa kalatayi. Mukukumbukira aphunzitsi ndi anamwino a kwa Kamwendo amene ankakonda chiponde chanu? Mutatisiya, foni yanu sinasiye kulira. Anthu osamva za maliro ankaimbabe kufunsa chiponde. Poyamba ndinkangodula n'kuyamba kulira. Kenako ndinati, mtedza ulipo, mtondo ulipo, manja ndili nawo. Ndinayamba kusinja, n'kumajambula mabotolo ndi kuika zithunzi pa intaneti. Amayi inu, mukanaona! Anthu a ku Lilongwe amene sindinawaonepo ndi maso akuitanitsa chiponde ndi nsinjiro. Katundu ndimapatsira a minibasi pa Kamwendo, ogulawo n'kutumiza ndalama pa foni.

Foni yake ndi yanu yomwe ija. Nambala munalembetsa ndi chiphaso chanu, ndipo ine sindinasinthe. Munthu akamatumiza ndalama amayamba waimba kuti, "Likubwera dzina loti Felesiya Mbewe, ndi lomwelo?" Ine ndimayankha kuti ndi lomwelo. Mundiseka mwina, koma ndimamva kukoma. Anthu achilendo amakutchulani ngati muli kuseri kwa nyumba mukusenda mtedza. Kumudzi kuno aliyense amangoti "malemu", ndi pa foni pokha pamene mukadali Felesiya.

Zinthu zasokonekera mwezi wathawu. Mayi wina wa golosale ku Lilongwe anati ndizimutumizira mabotolo ambiri sabata iliyonse, koma ndiyambe ndamupatsa nambala yanga ya msonkho. Ine kukamwa yasa! Ndinkayesa kuti msonkho ndi wa anthu a mashopu ndi mathiraki, osati ine wa mtondo ndi munsi. Ndinapita kukafunsa alamu, amuna a Joyisi omwewo, paja amathandiza a mathiraki za mapepala pa boda. Anandiyang'ana ngati ndaba nkhuku. Akuti kugulitsa pa intaneti ndi bizinesi ndithu, ndipo ndalama ya pa foni si ija munkamanga pa nsonga ya chitenje, iyi imasiya mapazi. Akuti ndipite ndekha ku ofesi ya msonkho ku boma, ndikanene zimene ndimapeza. Mwina akakaona kuti n'zochepa sakandilipiritsa, mwina akandilipiritsa, iwo sakudziwa. Koma chimene ananenetsa n'chakuti kwa anthu a mu ofesi, amene akuchita malondawa si ine ayi. Ndi inu.

Taganizani, Amayi! Inu amene wotolera ndalama za msika akakudumphani, munkachita kumusaka msika wonse kuti mumulipire, n'kumatiuza kuti, "Ine sindifuna dzina langa lizikambidwa ine kulibe." Lero dzina lomwelo likhale la munthu wozemba msonkho, chifukwa cha ine? Ndikuopa, sindikubisirani. Chakudya sichikulowa. Galimoto yachilendo ikaima pamsewu, ndimasuzumira pa windo. Dzana inali ya ogula soya chabe, koma ndinali nditabisa kale mabotolo kunsi kwa bedi.

Palinso china. Ndalama zomangira chiliza pamanda anu, zimene achimwene akutumiza kuchokera ku Chipata, zikulowa pa nambala yomweyo. Nanga akakaziphatikiza ndi za chiponde? Ndikawauza bwanji kuti iyi ndi ya botolo, iyi ndi ya simenti ya pamanda a amayi anga? Alamu akuti mauthenga onse ali mu foni, ndikangowaonetsa akamvetsa. Iwo kuyankhula savutika, poti si iwo amene akakhale pa mpando mu ofesi ija.

Zonsezi ndikhoza kupirira. Chikundidya moyo ndi ichi: kuti malondawa akhale m'dzina langa, ndiyenera kutenga kalata ya imfa yanu, ndikanene kwa a kampani ya foni kuti mwini nambala anamwalira. Akatero dzina lanu alichotsa. Sipadzakhalanso munthu wondifunsa ngati Felesiya Mbewe ndi lomwelo. Joyisi akuti ndikuchita zachibwana, munthu tinamuika kale. Ndikudziwa, ndinalipo, dothi ndinaponya nawo. Komabe zikundiwawa ngati ndikupita kukakuikani kachiwiri, ndekhandekha.

Ndinaganizapo zongosiya malondawa, koma ndi amene akulipira fizi ya mdzukulu wanu Tamanda ku sekondale. Ndinaganizaponso zongokhala chete, mwina a msonkho sadzabwera. Koma ndiye kuti tsiku limene adzabwere, adzaima pabwalo n'kuitana inu. Ayi, zimenezo toto. Ndikamazengereza kupita kuchipatala ndi dzino, inu munkati, "Malita, chinthu chikakuopsa, samba, vala bwino, upite ukachione."

Ndiye Lachiwiri ndisamba, ndivala chitenje chanu chobiriwira chija. Ndikwera kabaza mpaka pa Kamwendo, kenako minibasi ya ku boma. Kaya kumeneko zikakhala bwanji. Ndikanena zonse, za chiponde padera, za chiliza padera. Akanditchulira mtengo ndikalipira, ngakhale zitatengera kugulitsa mbuzi yanu yamakaniyo. Ngati pali mlandu ukhale wa Malita. Inu musakatchulidwe kumeneko. Ndikatuluka, ndikapita ndi kalata ya imfa yanu kwa a kampani ya foni.

Koma ndapempha kanthu kamodzi kwa Joyisi. Lolemba anditumizire kandalama kochepa pa nambala yanu ine ndili pambali pake, kuti ndione dzina lanu likutuluka pa foni yake komaliza. Anayamba kundiseka, mukumudziwa mwana wanu. Kenako, akusisita mutu wa khanda lake, ananena kuti atumiza kawiri, kachiwiriko kuti nayenso aone dzina lanu.

Chiliza timanga mvula isanagwe, Amayi, ndikulonjeza. Dzina lanu tidzalilemba lonse ndi zilembo zikuluzikulu, ndipo ndidzaima pomwepo kuonetsetsa kuti mmisiri asalakwitse. Mundikumbukire Lachiwiri, chonde.

Ndine mwana wanu wokukondani kwambiri,
Malita