Undijambule Kuyambira M'mapewa

Mng'ono wanga wokondedwa,

Ndavina ndekha m'khitchini nditamva kuti ukubwera ndi kamera yako ija! Kuno tili bwino, kaya inu kumeneko.

Ukatsika basi, usapereke chikwama kwa aliyense wokusekerera n'kumati "tikunyamulireni achemwali." Kamera ikhale pakhosi, mkati mwa juzi. Memori khadi ugule m'sitolo yopereka lisiti. Ine ndinagula yapamsewu yotchipa, ndiye inameza zithunzi zonse za ukwati wa mnzanga. Mpaka lero sandipatsa moni.

Tidzajambulana m'mawa pakhonde, dzuwa lisanakwere. Koma zithunzi zopita kwa amayi udzandijambule kuyambira m'mapewa kupita m'mwamba. Usafunse. Diresi lofiira unandisokera lija layamba kukana kutseka, ndipo si chakudya ayi.

Ndine wokudikira pageti,
Mkulu wako