Makina a Mpunga Aphulika Kumsika

Eun-sil mwana wanga,

Kwacha ndi kamvula kowaza. Pepa, sutipeza pakhomo. Kumsika makina okazingira mpunga aja aphulika monga amachitira mpunga ukapsa, koma wogulitsa asanafuule kuti titseke makutu. Amuna ako andigwetsera pansi n'kunditchinga ndi thupi lawo ngati tili kunkhondo. Magalasi anga athyoka, koma ine ndili bwino.

Titadzuka, anati, "Bambo, musamuuze Eun-sil." Ndawayankha kuti mpongozi salamulidwa ndi msilikali. Aseka, kenaka avomera kuti ndiwaperekeze kwa dokotala wa asilikali kuti akawathandize pa mantha a kunkhondowa.

Kumeneko akazi a asilikali amakumana Lachinayi. Udzapiteko, mtolowu wausenza wekha mokwanira. Tsikulo ana ndidzakawatenga kusukulu, ndidzaphikanso, mudzangopirira maphikidwe angawo.

Zovala ndachapa, uziyanike.

Bambo ako