Chala chanu m'kaundula wa sikimu

Amayi, mukukhala bwanji uko munapitako? Ndine Felesiya, mwana wanu woyamba. Kuno tilipo ndithu, kungoti nkhani zaunjikana chikuikireni m'manda mvula yatha ija, moti sindikudziwa poyambira.

Mkazi wa mlongo wanga Yohane anachira ku Mua, mwana wamkazi, makutu ake ndi anu enieni. Mbuzi yanu yamawanga inaswa tiana tiwiri, koma kamodzi kanagundidwa ndi minibasi pa msewu wa ku Golomoti, tinangodya. Chimanga cha kumunda wa kumtunda dzuwa linachiwamba chisanamasule, sitinakolole zooneka. Denga la khitchini likudonthabe pamene munkatchera beseni paja. Ndikudziwa zimene mukadanena: "Felesiya iwe, manja ako ndi ofulumira koma mutu umatsalira m'mbuyo." Ndilikonza mwezi wa mawa, musadandaule.

Koma chandikhazika pansi si denga. Ndinakulakwirani, amayi. Dzina lanu sindinakalifufutitse m'kaundula wa sikimu yathu ya mpunga. Lamulo lija mukulidziwa: mwini puloti akamwalira, pulotiyo imabwerera ku komiti, komiti n'kupatsa amene yafuna. Puloti yanu ndi imene ikudyetsa ana anga atatu chichokereni bambo awo, ndiye ndinachita mantha. Maliro anu anachitika mlatho utakokoloka, a ku ofesi sanamve kanthu. M'buku mwawo inu muli moyo, mukulima. Chiliza sitinamange, mowa wokuperekezani sitinafulule, kuopa kuti mbiri ingafike kumene siyenera kufika. Anzathu a kumunsi kwa ngalande akudziwa, koma aliyense anangotseka pakamwa.

Chaka chino kavotedwe ka komiti kanasintha. Kale tinkavotera munthu, ndipo a kumtunda kwa ngalande, poti ndi ochuluka, ankasesa mipando yonse isanu ndi inayi, ife n'kumangoona madzi akuthera m'njira. Ulendo uno anati tivotere gulu, mipando igawidwe molingana ndi mavoti amene gulu lililonse lapeza, monga munkagawira nyama poona kukula kwa banja. A kumtunda anasankha chizindikiro cha khasu, ife a kumunsi tinasankha ndowa. Anatiuzanso kuti gulu lopeza mipando iwiri lizisunga kiyi wa geti la madzi tsiku limodzi pa sabata. Mpando umodzi tinadziwa kuti tiupeza. Wachiwiriwo ndiye unali wokayikitsa.

Ndiye ndinapangana ndi mng'ono wanu, amayi aang'ono a Delifa, kuti avale duku lanu, atenge khadi lanu, akavote m'malo mwanu, poti ovotetsa anali alendo osatidziwa. Anavomera. Koma m'mawa wa tsikulo anabweza mawu. Anati, "Mwanawe, ine dzina la munthu wogona sindingavale ayi. Ndikavota langa, kenako ndikupita ku Mtakataka kukagulitsa tomato." Ndinapsa mtima, ndinawayankha mawu amene sindingakulembereni. Khadi lanu linatsala ndi ine, ndinalimanga pa mfundo ya chitenje.

Ndinafika ku shedi ya mpunga dzuwa lili paliwombo. Mzere unali wautali, anthu akukankhana monga mwa masiku onse, koma kutsogolo kwanga kunali mpata wokwana munthu mmodzi. Mzere ukasuntha, mpatawo unkasunthanso. Ine sindinautseke, ndipo palibe analowererapo, ngakhale anthu athu mukuwadziwa mmene amakondera kulowerera. Nthawi imeneyo sindinaganizepo kanthu.

Aliyense amadinda chala m'kaundula asanalandire pepala lovotera. Mlembi, mayi wina wamagalasi, anatsetsereka ndi cholembera mpaka pa dzina langa, poti wolima nawo puloti nayenso amavota. Pamwamba pa langa panali lanu, ndipo pambali pake panali chidindo cha chala, inki isanaume. Pakati pa chidindocho panadutsa kamzere koyera, pamene chikwakwa chinakuchekani chala chachikulu kalekale paja. Chala chimenecho sindingachisokoneze ndi cha munthu wina, amayi. Ndine ndinachigwira tsiku lomaliza lija mpaka chinazizira.

Mlembiyo ataona ndangoti kakasi anandifunsa kuti, "Agogowa ndi mayi anu eti? Angotuluka kumene. Khadi analibe, koma anatchula nambala ya puloti osaphonya. Akuti khadilo lili ndi mwana wawo pa mfundo ya chitenje, akubwera m'mbuyomu. Tabweretsani ndilione." Mfundoyo ndinamasula ndi mano. Anayang'ana chithunzi chanu, n'kugwedeza mutu. "Eya, ndi omwewa. Koma muziwaperekeza, akuoneka otopa."

Sindikumbuka mmene ndinachongera pa ndowa. Ndinatuluka chothamanga, ndinazungulira shedi yonse, ndinayang'ana njira ya ku ngalande ndi ya kumanda komwe. Kunali njinga ziwiri ndi galu atagona pamthunzi, basi. Amayi aang'ono atabwerako ku msika ndinawagwira manja onse awiri ngati wamisala, kufuna chipsera. Analibe. Nditawafotokozera anangokhala pansi pomwepo, dengu lili pamutu.

Mavoti atawerengedwa, ife a ndowa tinapeza mipando iwiri. Wachiwiriwo tinaupeza ndi voti imodzi yokha. Anthu anavina, ena analira, mayi wina anandikumbatira akuti Mulungu watikumbukira. Ine ndinazemba, ndinapita kuseri kwa shedi.

Lachinayi lapitali ndi pamene kiyi anali m'manja mwathu koyamba, ndipo madzi anafika kumunsi kuno odzaza ngalande, zimene inu munafa musanazione. Ndinalawirira dzuwa likutuluka kuti ndikatsegulire puloti. Ndinapeza potsegula kale, madzi afika pa mlingo wake, pakamwa pa kangalande patatsekedwa ndi udzu wopota katatu. Kuno palibe amapota udzu chonchija kupatula inu, enafe timangounda matope. Mizere isanu ya mbande inali yowokedwa kale, yowongoka kuposa yanga. Ndinaitana kuti, "Amayi!" Achule okha ndiwo anasiya kulira.

Tsopano a kumtunda adandaula, akufuna kaundula aunikidwe. A ku ofesi alengeza kuti wodziwa chinyengo chilichonse akanene mwezi uno usanathe. Ndikakanena, voti yanu ifufutidwa, mpando upita, kiyi apita, puloti nayonso ipita, ndipo mabanja onse a kumunsi kuno adzandiloza chala mpaka ndidzafe. Ndikakhala chete, inu simugona. Ndikudziwa kuti ndine ndakudzutsani, posunga dzina lanu pakati pa amoyo. Mutadwalika munandiuza kuti, "Ndikapita mundisiye ndipume, msana wanga watha ndi kuwerama m'matope." Mawu amenewo akundiwawa kuposa china chilichonse, ndipo ndikuchita nawo manyazi.

Ndaganiza mpaka mutu kuwawa, ndipo chimene ndasankha si chabwino. Sindikanena. Ndikukupemphani, amayi anga, pirirani mpaka mpunga uwu tikolole. Ana adya maungu miyezi iwiri, wamng'ono uja wayamba kutupa mapazi. Sindikuopani ayi, ngakhale thupi limachita tsemwe ndikayandikira pulotiyo. Chimene ndikuopa n'chakuti mwina simunabwere mwa kufuna kwanu.

Ndikulonjeza kuti thumba loyamba likangolowa m'nyumba, ndidzapita ndekha ku ofesi ndi khadi lanu, ndikanene kuti mayi anga a Velonika anamwalira, zivute zitani. Tidzafulula mowa wanu, tidzamanga chiliza, ndipo sindidzakuitananinso.

Lachinayi madzi akubweranso. Ngati mubwere, chonde musawerame. Mungokhala pansi m'mbali mwa puloti, kuwoka ndiwoka ine.

Ndine mwana wanu wokukondani, amene wakukanizani tulo,
Felesiya