Khutu Lakumanzere la Achimwene

Lachinayi, 9 Meyi

Okondedwa Amayi,

Ndikhulupirira kuti mwadzuka bwino ndipo mawondo aja asiya kukuzunzani. Kuno tilipo. Ana a achimwene akukula moti nsapato zikungowathawa, ndipo ntchito yanga ya kusukulu ikuyenda, ngakhale ana a chaka chino amayimba ngati akukangana. Musadabwe kuti ndalemba kalata pamene foni ilipo. Lamlungu lapitali munandifunsa kuti, "Mawu akowo bwanji?" ine n'kukuyankhani kuti ndi chimfine. Sichinali chimfine, Amayi. Ndinali m'nyumba mwa achimwene, eniake atakhala pompo, ndipo nkhani imene ndili nayo si yokamba munthu akukuyang'ana pakamwa.

Mukudziwa mmene timagwirira ntchito ine ndi mwana wanu wamkuluyu. Iwo nyimbo zimangowagwera. Akhoza kukhala akumeta ndevu kapena akukonza tcheni cha njinga, mwadzidzidzi n'kuponya zonse pansi, kuthamangira kwanga manja ali bii ndi girisi, akung'ung'uza. Ine ndimakhala pa kiyibodi, kusaka makodi, magulu a mabatani odina pamodzi aja, ogwirizana ndi zimene akung'ung'uzazo, n'kuzilemba papepala kuti anyamata a bandi apeze poyambira. Takhala tikukangana za zimenezi kuyambira tsiku limene ndinabwerako ku koleji ya zoyimba. Iwo amati mapepala angawa ndi manda a nyimbo, n'chifukwa chake anandipatsa dzina loti Manotsi lija, potengera timadontho tolembera nyimbo timene ndimadzaza pamapepalapo. Ine ndimati munthu wosadziwa malamulo a nyimbo ali ngati mmisiri womanga popanda chingwe, lero khoma liwongoka mwamwayi, mawa ligwera ana. Timalalatirana mpaka alamu kutseka mawindo, kenako timamwa tiyi.

Chakumayambiriro kwa chaka chino nyimbo zinayamba kuwabwerera motsatizana kuposa kale, ndipo Amayi, kukoma kwake sindinakumvepo. Wang'oma wathu, munthu wouma maso uja, ndinamuona akupukuta misozi ndi chipewa pa pulakatisi. Koma ine polemba ndinaona chinthu chachilendo. Nyimbo zonsezo zinali ndi liwu limodzi lapamwamba, lopyapyala, limene achimwene ankafuna kuti lizilira osaleka kuyambira poyamba mpaka pomaliza. Makodi asinthe, mawu asinthe, koma lokhalo likhale pomwepo. Pa kiyibodi yanga ndi kabatani kakuda, chakumapeto kudzanja lamanja.

Ndinawauza kuti, "Achimwene, mu nyimbo iyi liwu limeneli sililoledwa. Likugundana ndi kodi yachiwiri."

"Wakuletsa ndani?" anandifunsa.

"Malamulo."

"Amene analemba malamulowo nyimbo iyi anayimvapo? Lisiye pomwepo, Manotsi. Usunthe makodi akowo."

Ndinasuntha, ndipo zinatheka. Ndinafika podzitama kwa aphunzitsi anzanga kuti ndapeza njira yokhazika liwu losamvera pakati pa makodi alionse. Sindinadzifunse n'komwe kuti munthu amene kale nyimbo zake sizinkafanana wakakamira bwanji pa liwu limodzi.

Kenako anayamba kuphonya. Achimwene omwe aja, amene ankazindikira gitala yosachunidwa bwino akadali kunja kwa mpanda, anayamba kulowa nyimbo chapansi pang'ono. Tsiku lina tikuyimba pa holo ina ndinamva akutsetsereka, ndiye ndinawatsatira ndi makodi mwakachetechete, anyamata n'kunditsatira ine. Anthu sanadziwe kanthu, anawomba m'manja. Ndinachita zimenezi kambirimbiri osawauza, n'kumadziuza kuti ndi kutopa chabe. Kunena zoona, ndinkamvanso kukoma mumtima kuti lero mapepala onyozeka aja ndi amene akuwanyamula.

Alamu ndi amene anayamba kudandaula. Anandikokera kukhitchini n'kundinong'oneza kuti, "Alamu, kodi achimwene anuwa ayamba kumwa mobisa? Wailesi akumaikweza mpaka aneba kugogoda, ndipo akamadutsa pakhonde akumagwira khoma." Ine ndinaseka. Inu mukudziwa kuti mowa saukhudza.

Zinaululika ku situdiyo, masanasana. Achimwene anali m'kachipinda kojambulira mawu, kokhomedwa masiponji m'makoma monse, ife tikuwaonera pagalasi. Anavala mahedifoni, n'kukodola mwini situdiyo. "Mbali yakumanzereyi ikumveka ngati ili pansi pa madzi. Ndipatseni ena." Anawapatsa ena, zomwezo. Anawapatsanso ena, ndiye anapsa mtima. "Zipangizo zimenezi munazitola kudzala liti?" Ndinalowa, ndinavala mahedifoni omwewo, ndipo mbali zonse zinkamveka bwinobwino. Nditayang'ana pagalasi, mwini situdiyo anazolika.

Ndinatseka chitseko n'kuwafunsa kuti, "Achimwene, liwu lapamwamba lija mumalitenga kuti?"

Anandiyang'ana modabwa. "Si ili likulirali? Iwe sukulimva?"

Amayi, m'kachipinda kameneko mumakhala zii moti umamva mtima wako ukugunda. Munalibe chilichonse chimene chinkalira. Iwo akumwetulira anapitiriza kuti, "Linayamba kalekale. Ndikagona lilipo, ndikadzuka landidikira. Ine ndimangomanga nyimbo molizungulira. Ndakhala ndikukuuza kuti zinthu izi zimachita kubwera zokha." Apo m'pamene ndinazindikira kuti liwulo limalira m'khutu mwawo mokha. Miyezi yonseyi iwo ankati ndi mphatso, ine ndinkati ndi samu ya makodi, ndipo panalibe ndi mmodzi yemwe amene anaganiza za chipatala.

Tinachita kuwakoka, ine ndi alamu. Dokotala wa makutu, mayi wolankhula modekha, anawatumiza ku makina ojambula m'mutu. Pobwerako anatikhazika pansi n'kutionetsa chithunzi. Kuseri kwa khutu lakumanzere kuli kachotupa, kamera pa mtsempha wakumva. Anati si ka mtundu wofalikira thupi lonse, koma kakukula ndipo kayamba kupsinja zinthu zosayenera kupsinjidwa. Kakufunika kuchotsedwa. Anatiuza mosabisa kuti akakachotsa, khutu limenelo mwina silidzamvanso, ndipo lakumanja nalo linafooka kale chifukwa choima pafupi ndi masipika zaka zonsezi. Anatichenjezanso kuti tikadzaona nkhope yayamba kuchita dzanzi kapena kugwa mbali imodzi, tisadzadikire mawa, tidzabwere tsiku lomwelo.

Achimwene anamvetsera zonsezo khutu lakumanja ataloza kwa dokotala. Funso lawo linali limodzi lokha. "Mukachotsa, liwuli litsala?"

"Bambo, sindingakulonjezeni chilichonse," anatero dokotala.

Anavala chipewa n'kutuluka. Ndinawapeza panja atagwira chitsulo cha masitepe.

"Ndili ndi nyimbo imodzi yosatha," anatero. "Ikatha, andicheke mmene angafunire."

"Achimwene, ndikuphunzitsani manotsi. Munthu wodziwa kulemba amapeka nyimbo ngakhale makutu atamukana, amaziona ndi maso."

"Iwe uli ndi makutu awiri abwinobwino ndi mapepala odzaza kabati. Wapekapo nyimbo zingati zoti munthu n'kulira nazo?"

Zinandilasa, Amayi, chifukwa ndilibe ngakhale imodzi. Ndiye pakamwa pangapa, mukupadziwa, panathamanga. Ndinakuwa anthu odikira mankhwala akumva kuti, "Mphatso yanuyo ndi chotupa!" Anatembenuka n'kulunjika kokwerera basi. Ulendo wonse wobwerera kunyumba anangoyang'ana pawindo la basi.

Ndinaganiza zowachotsera chonamizira. Nyimbo yosathayo ndinali nditailemba kale theka, ndiye ndinati ndiimalize ndekha. Ndinagwiritsa ntchito zonse zimene ndinaphunzira, kodi iliyonse pamalo pake, liwu lawo lija likulira pamwamba mmene amafunira. Nditamaliza ndinanyamula kiyibodi mpaka kwawo n'kuwayimbira pabalaza. Anamvetsera mutu atapendeketsa mpaka kumapeto.

"Palibe cholakwika," anatero.

"Ndiye yatha, eti? Mawa tipite?"

"Ayi. Ndangoti palibe cholakwika."

Ndinafuna kuwagenda ndi mapepalawo, koma nanenso ndinali nditazimva ndikuyimba. Theka lawo linkapuma, langa linangoima mowongoka ngati mipando ya m'kalasi.

Tsopano ndifike pa chimene chandigwiritsa cholemberachi. Dzulo ndili m'kalasi ndikuphunzitsa, ndinaona ana onse atembenukira kukhomo. Anali achimwene, atagwira felemu ya chitseko ndi manja onse awiri, malaya atamanga mabatani mophonyetsa. Chiyambireni ntchito sanabwerepo kusukulu kwanga.

"Manotsi," anatero, "lasiya."

Mtima wanga unadumpha ndi chimwemwe, ndinati mwina Mulungu watimvera. Koma nkhope yawo sinali ya munthu wochira. Anayenda mogwira madesiki mpaka pa kiyibodi, anagwada, n'kugunditsa khutu lakumanzere pa sipika. Lakumanja analitseka ndi chala mwamphamvu.

"Undiyimbire liwu lija. Mwina likalimva linzake libwerera."

Ndinadina kabatani kakuda kaja. Ndinakweza voliyumu mpaka ana akutsogolo anagwira makutu. Ndinadina, n'kudinanso, chala mpaka kuwawa. Iwo ali chigwadire, maso ali tseke, akudikira. Patapita kanthawi anati, "Yambatu, Manotsi. Ukudikira chiyani?"

Ndinachotsa chala pa kabatani kaja. Ndinawauza ana kuti atuluke.

Ndinawatengera kuchipinda cha aphunzitsi n'kuwathirira tiyi kuti mtima ukhale pansi. Akumwa, ndinaona tiyi akutsika pakona ya mlomo kumanzere, kudutsa pachibwano mpaka pamalaya. Iwo sanamve kanthu, anapitiriza kumwa. Nditayang'anitsitsa ndinaona kuti diso la mbali imeneyo likuphethira mochedwa kuposa linzake. Ndinawagwira dzanja n'kunena kuti, "Achimwene, izi ndi zimene adokotala ananena zija. Tiyeni pompano, ndikupemphani." Anachotsa dzanja langa pang'onopang'ono, mopanda ukali, ndipo zimenezo zinandiopsa kuposa akanandikalipira.

"Libwerera," anatero. "Silingandisiye pakati pa nyimbo. Likangobwerera ndimaliza, kenako tipita."

Kuyambira dzulolo akhala pampando wa pabalaza, gitala ili pamiyendo, osaikhudza. Aletsa wailesi, aletsa ana kusewera m'nyumba, ngakhale wotchi yapakhoma achotsamo batire. Alamu akuyenda chonyang'ama m'nyumba mwawo momwe. Munthu ukalowa amakweza dzanja kuti ukhale chete, mutu atapendeketsa, ngati akumvetsera wina amene akubwera patali. M'mawa uno podzuka kuti apite kubafa anagwera pa tebulo. Akuti anapunthwa pa kapeti, koma kapetiyo alamu anaichotsa kale.

Amayi, ndili ndi mantha. Ine sangandimvere, pakuti chilichonse chotuluka pakamwa panga amachimva ngati mkangano wathu wakale uja, ngati ndikufuna kupambana. Sindikufunanso kupambana. Atati apite kuchipatala lero, mapepala onsewa ndikhoza kuwatentha iwo akuona. Alamu alira mpaka mawu atha. Wang'oma anabwera kudzayesa, anabwezedwa pakhomo. Mwatsala ndinu. Munthu uyu ndi wamakani kwa aliyense, koma inu mukamutchula dzina lake lonse amaimirira ngakhale ali ndi imvi.

Chonde musayimbe foni, adzangoti muli bwanji, tili bwino, n'kudula. Mubwere. Ndikudziwa kuti ulendo ndi wautali ndipo mawondo anuwo sagwirizana ndi basi, koma kalatayi ndapatsira munthu wodalirika kuti ikupezeni msanga, ndipo mukangoiwerenga munyamuke. Ndidzakuchingamirani pa siteji. Mukadzalowa m'nyumba musadzayambe ndi kulira, ndipo musadzatchule za nyimbo, zabwino kapena zoipa. Mudzakhale kudzanja lawo lamanja, pafupi, n'kulankhula pang'onopang'ono kuti mawu anu onse alowe. Sindikudziwa kuti khutu limenelo lipirira mpaka liti, ndipo ndikufuna limve inu likadali ndi mphamvu.

Mundiperekere moni kwa azakhali, muwauze kuti nsalu ija ndinalandira. Alamu akupereka moni, akuti mubwere ndi juzi chifukwa kuno kwayamba kuzizira. Adzukulu anu akupereka moni monong'ona, poti ndi mmene tikulankhulira kuyambira dzulo.

Achimwene sanapereke moni. Musadzati ndinachita zinthu mowabisira, pakuti ndinawauza ndithu kuti ndikukulemberani kalata yokuitanani. Kungoti powauzapo ndinaima kumanzere kwawo.

Ndine mwana wanu wokukondani,

Manotsi