Apongozi Aotcha Tiasilikali Tanga

Loweluka, Chelstone. Tsiku loipa.

M'minibasi pochoka m'tauni ndinaona pa foni kuti kukubwela bokosi latsopano la tinjelwa tapulasitiki tomangila zidole, la gemu yankhondo ija ndimakonda. Muli chinjoka chamapiko. Ndinakondwa, poti linga la m'gemu yomweyo ndinamanga kale pa shelufu kunyumba, pamodzi ndi tiasilikali take tapulasitiki.

Pa geti ndinalandilidwa ndi fungo la pulasitiki. Apongozi, amake a mkazi wanga Tisa, anali pa mbaula, akuponya tiasilikali tanga pamoto uku akupemphela m'malilime.

"Ni viwanda ivi," anauza Tisa, osandiyang'ana ine. "Ndiye chifukwa mulibe mwana mu nyumba muno."

Mkamwini sayankha apongozi, ndiye ndinamenya mbaula theche. Makala anauluka, limodzi linatela pa phazi la Tisa. Anakuwa, khungu n'kusupuka pomwepo.

Apongozi anangoti, "Waona? Vatuluka."

Tisa wadzitsekela kuchipinda, phazi lili m'beseni. Ndagogoda, akuti ndiyambe ndapepesa amake. Za phazi lake ndidzapepesa mpaka kufa. Koma amakewo...