Ndiikhudze Bwanji Sikiripiti ya Malemu Bwana Wanga?

Aphungu,

Ndine mayi wa ana awiri, ndimayang'anira makompyuta pa malo ena osungira magazi kuno mu mzinda wa Mysuru. Nkhani yanga yandisowetsa mtendere, ndipo kuntchito ndilibe woti ndimuuze.

Mafiriji athu onse amalonderedwa ndi sikiripiti imodzi, kapulogalamu kakafupi ka malamulo. Pakapita mphindi zochepa, imatuma tiana take, timapulogalamu ting'onoting'ono, kukafunsa firiji iliyonse ngati m'katimo mukuzizira bwino. Ina ikayamba kufunda, uthenga umapita pa mafoni a anamwino. Amene anailemba ndi Bambo Nagabhushan, omwe anandiphunzitsa ntchitoyi ndili mbuli yeniyeni. Anatisiya chaka chatha. Chithunzi chawo chili pamwamba pa seva, kompyuta yaikulu imene sikiripitiyo imayendamo, ndipo nkhata ya maluwa siuma pamenepo.

Vuto ndi loti memore ya sevayo, malo amene imasungamo zomwe ikuchita pa nthawiyo, imadzaza pang'onopang'ono mpaka makina amauma gwa. Mnzanga wamkulu kuntchito, a Prabhakar, anapeza njira yawoyawo. M'mawa uliwonse amayatsa lubani pa chithunzi chija, n'kuzimitsa seva, n'kuiyatsanso. Zimayendadi. Koma pa tchuthi cha chikondwerero cha Dasara ife a makompyuta tinali kunyumba. Seva inauma, firiji imodzi inafa, uthenga sunapite. Magazi onse a m'menemo tinataya.

Ndinaona ndi maso angawa bambo wina akubwezedwa ndi mwana wake wamkazi, amene amalandira magazi mwezi ndi mwezi. Sanakalipe. Anangofunsa kuti, "Ndiye tibwere liti, amayi?" Funso limenelo likundiwawa mpaka lero.

Nditayang'ana zomwe zikuyenda mu sevamo, ndinapeza tiana ta sikiripiti ija tili mbwee, sitikutha. Nditawauza a Prabhakar, anavula magalasi awo. "Iwe, sikiripiti ya Bwana imeneyo! Inayamba ntchito iwe ukadali pa yunifomu. Tingogula memore ina basi, osati kumafukula munthu woti anagona." Ndinangoti, "Chabwino, achimwene."

Aphungu, malemuwo anali ngati bambo anga. Akazi awo amabwerabe ndi maswiti pa tsiku lodalitsa zipangizo zantchito. Ndikanena kuti sikiripiti ya amuna awo ndiyo inaonongetsa magazi, ndidzawayang'ana ndi nkhope yanji? Koma ndikakhalanso chete, ndikuopa kuti zichitikanso. Ndithandizeni.

D.H., Mysuru

Okondedwa D.H.,

Pepani kwambiri ndi zimene munaonazo. Ulemu wanu kwa malemu ndi wabwino, sindikuutsutsa. Koma mbewa ya manyazi inafera ku una, ndipo chomvetsa chisoni apa n'choti wofera manyazi anuwo sadzakhala inu.

Musanatchule dzina la munthu, pezani kaye umboni. Seva ikangoyatsidwa, lembani lamulo la ps muone kuti tiana tikuyenda tingati, ndipo tatenga memore yochuluka bwanji. Onaninso masana ndi poweruka. Chiwerengero chikamangokwera osatsika, mwapeza pamene pakudontha. Kenako onani kuti totsalirato tinatumidwa ku firiji iti. Ndikuganiza kuti mupeza kuti ndi imodzi kapena ziwiri, mwina zobwera posachedwa, zimene nthawi zina siziyankha. Kamwana kakafunsa osayankhidwa, kamangokhala pakhomo kudikira, memore yake katagwirabe. Sikiripiti nayo sicheuka, imangotuma kena. Musataye nthawi ndi tomwe talembedwa kuti tafa kale, timeneto sitidya zambiri. Takudyani ndi tamoyo todikirato.

Mankhwala ake si aatali. Kamwana kalikonse kapatseni malire a nthawi ndi lamulo la timeout, ndipo firiji yosayankha iziwerengedwa ngati ngozi, uthenga uzipita. Sikiripiti izidikira ana ake onse ndi lamulo la wait isanatume ena. Muikenso loko, kuti sikiripiti isayambenso isanamalize ulendo woyamba. Zonsezi muyesere pa kompyuta ina, muzule dala chingwe cha choyezera kuzizira, muone ngati tiana tikutha. Pomaliza, kompyuta ina yapadera izikuimbirani sevayo ikangokhala chete. Mlonda nayenso amafuna womudzutsa.

A Prabhakar musawapitire ndi mlandu. Apitireni ndi manambala, muwapemphe kuti muyang'anire limodzi. Nawonso akulira maliro omwewo, kungoti akulira mwa njira yawo. Koma za kugula memore musavomere. Kumeneko n'kutchera ndowa yaikulu denga likudonthabe. Akakana, nkhaniyo mupite nayo kwa oyang'anira malowo, ndipo muwauze a Prabhakar maso ndi maso kuti mukupita.

Za malemu, mvetsetsani ichi. Iwo analembera mafiriji a nthawi yawo, ndipo ntchito yawo inasunga magazi zaka zambiri. Zinthu zasintha iwo atapita. Akanakhala moyo akanakonza okha tiyi asanazizire, mwinanso akanakukalipirani kuti mwachedweranji kunena. Munthu amaphunzitsa mnzake kuti ntchito isafe naye. Dzina lawo lisiyeni pamwamba pa sikiripitiyo, ndipo kwa akazi awo mulibe choti mubise, mukusamala chimene amuna awo anasiya.

Chenjezo langa ndi ili. Musapupulume kupha tiana tonse pa seva imene ikugwira ntchito, mungaphe ndi mlonda yemwe. Mpaka zokonzazo zitatsimikizika, sevayo izizimitsidwa ndi kuyatsidwa tsiku lililonse, la tchuthi lomwe, ndipo anamwino aziona okha kuzizira kwa mafiriji. Yambani mawa, osati pambuyo pa chikondwerero china. Malemu palibenso chimene angataye. Koma pali wina amene lero akuyenda bwinobwino mumsewu, ndipo magazi amene adzamupulumutse ali kale mu firiji yanuyo.

Aphungu